Ankhoswe a Kutsidya kwa Njanji

Njanji imene lero imalekanitsa Mabopane ndi Soshanguve, makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa mzinda wa Pretoria, imadutsa cha pomwe panali mzere umene pa 6 Disembala 1977 unasanduka malire a mayiko awiri. Tsiku limenelo boma la tsankho la South Africa linapereka "ufulu wodzilamulira" kwa Bophuthatswana, dziko la zigamba 7 zomwazikana ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo Lucas Mangope anakhala pulezidenti wake. Kupatula South Africa ndi timayiko tinzake topangidwa mofananamo, palibe dziko limene linavomereza kuti Bophuthatswana ndi dziko. Kunja anthu ankaseka. Koma munthu wa ku Mabopane analibe choseka: anagona ali nzika ya South Africa, n'kudzuka ali mlendo mumzinda umene ankasesa misewu yake tsiku ndi tsiku.

Chimene chinagamula tsogolo la munthu chinali lilime lake. Aliyense amene boma linkamuwerengera kuti ndi Mtswana, kaya chifukwa cha chilankhulo, kaya chifukwa cha makolo, anataya unzika wa South Africa. Nanga amene sanali Atswana koma ankakhala ku Mabopane? Mbali ya kum'mawa kwa tauniyo, imene inkatchedwa Mabopane East, inadulidwa n'kusiyidwa m'manja mwa Pretoria kuti ikhale khola la otsalawo, ndipo inapatsidwa dzina losokedwa kuchokera ku mayina a mitundu: So- wa Asotho, -sha- wa Ashangaan, -ngu- wa Anguni, -ve wa Avenda. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo dzina la Soshanguve limandichititsa nthumanzi. N'lokoma kulitchula, koma ndi kaundula wa anthu amene analibe kolowera.

Mabopane nayenso sanamere yekha. Anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti alandire anthu osamutsidwa mokakamiza kuchokera m'madera amene boma linati ndi a azungu, monga Wallmansthal ndi Lady Selborne, kumene anthu akuda anali ndi mapuloti awoawo ogula kuyambira 1905. Wosamukira kuno ankataya ufulu wokhala mumzinda, umene ndime 10 ya lamulo la m'matauni inkapereka kwa ochepa, n'kutsala ndi chilolezo chongopita kuntchito m'mawa ndi kubwerera madzulo. Moyandikana ndi Mabopane kuli Winterveld, kumene minda inagulitsidwa kwa anthu akuda kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Eni mindayo ataona kuti nthaka siikubala, anayamba kulima anthu: kubwereketsa kadanga kwa aliyense wofuna kumanga chisakasa, iye n'kumatolera lendi. Pofika m'ma 1970 kumeneko kunali anthu zikwi mazanamazana, ambiri a iwo Andebele, Atsonga, Azulu ndi Apedi. Winterveld inagwera mkati mwa Bophuthatswana. Kwa Mangope anthu amenewa anali olowerera. Kwa Pretoria anali nkhani ya dziko lina. Apolisi ankawagwira chifukwa chosowa zilolezo zokhalira. Sukulu zimene anthu anadzimangira kuti ana aphunzire m'chilankhulo cha kwawo zinkavutitsidwa chifukwa sizinkaphunzitsa m'Setswana. Agogo ankauzidwa kuti penshoni akaifunse kwina. Ambiri anathawira ku KwaNdebele, kumene ulendo wa basi wopita kuntchito ku Pretoria unkayamba nkhuku zisanalire.

Munthu wotere, wopanda boma lomutenga ngati wake, ankamulankhulira ndani? Ndikufunsa chifukwa masiku ano kulankhulira anthu ndi ntchito yolembedwa, yokhala ndi malipiro, galimoto ya bungwe ndi digiri yake. Mtsikana wa ku Zomba kapena mnyamata wa ku Chipata akhoza kulembera malo ku yunivesite ya ku Pretoria, n'kubwerako ndi pepala lomutsegulira zitseko za mabungwe omwe si aboma. Zimenezi n'zabwino. Koma ntchitoyi m'dera lino inayambira pabwalo, yunivesite inaipeza ili kale panjira, ndipo polowa nayo m'kalasi pali zimene inawonjezera, palinso zimene zinatsala pakhomo.

Chichewa chilibe liwu limodzi la ntchito imeneyi. Ndikapatsidwa zikalata za mabungwe kuti ndimasulire, ndimasinthasintha: kulankhulira, kuimirira, kumenyera ufulu, kudandaulira akuluakulu. Liwu lililonse limangogwira mwendo umodzi wa nyamayo. Limene limandifika pamtima ndi lakale, ndipo silingalowe m'lipoti la bungwe: nkhoswe. Nkhoswe amalankhula m'malo mwako pabwalo, inde, koma amayamba wakhala pansi n'kumva mbali yako mpaka kumapeto. Amadziwa mawu oyenera kunena pamaso pa akuluakulu. Ndipo sangathawe, chifukwa zinthu zikavuta mawa, chitseko chimene chidzagogodedwe usiku ndi chake.

Sukulu yoyamba yophunzitsa anthu akuda ntchito yosamalira anthu ovutika inali Jan H. Hofmeyr School of Social Work, imene inatsegulidwa ku Johannesburg mu 1941. Mayina a amene anadutsamo akuuzani chifukwa chimene boma linaiopera: Ellen Kuzwayo, Winnie Madikizela, Joshua Nkomo wa ku Zimbabwe, Eduardo Mondlane wa ku Mozambique. Anthu ankalowamo kuti akaphunzire kuthandiza amasiye, n'kutulukamo akufunsa chimene chikuchulukitsa amasiyewo. Pofika 1960 inali itatsekedwa. Chaka cha 1959 chinali chitabweretsa lamulo logawa mayunivesite potsata mtundu, ndipo mwana wa m'dera la Pretoria amene anakhoza bwino ankatumizidwa ku Turfloop, kumpoto, kapena kuphunzira kudzera m'makalata ku Unisa. Yunivesite ya Pretoria, imene akanatha kufikako pa basi, inali ya azungu, yophunzitsa m'Chiafrikaans.

Komabe ophunzira ndiwo anali m'gulu la oyamba kufika ku Winterveld, ndipo sanatumidwe ndi aphunzitsi awo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, achinyamata a bungwe la SASO, limene Steve Biko ndi anzake anayambitsa, ankathera tchuthi chawo m'madera osauka akuthandiza pazaumoyo ndi kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga, ndipo Winterveld inali imodzi mwa madera amenewo. Mu 1972 Anne Hope anaphunzitsa atsogoleri a gululi njira ya Paulo Freire wa ku Brazil. Njirayi imayamba ndi khutu. Usanaphunzitse munthu chilembo ngakhale chimodzi, uyende m'dera lake, pachitsime, posikira basi, pamaliro, umve mawu amene anthu amatchula mtima ukuwawa. Phunziro loyamba lichokere pa mawu amenewo. Ku Winterveld mawuwo sakanasowa: madzi ogula, lendi, chilolezo. Palibe yunivesite imene inkapereka malikisi pa ntchito imeneyi. Mphotho yake inali faelo kupolisi. Pa 19 Okutobala 1977 SASO inaletsedwa pamodzi ndi mabungwe ena ambiri a anthu akuda, patangotsala milungu 7 kuti Mabopane asanduke dziko lina.

Sukulu yeniyeni ya ntchitoyi, m'kuona kwanga, inali tebulo. Amayi a Black Sash, gulu la amayi achizungu limene linayamba mu 1955 potsutsa kuchotsedwa kwa ovota a Chikaladi m'kaundula, anatsegula ofesi yawo yoyamba yopereka uphungu ku Cape Town mu 1958, ndipo zina zinatsatira m'mizinda ina. Ofesi yotere inali chipinda, mabenchi, makina otayipira ndi mzere wa anthu woyambira kunja. Patebulo pankakhala anthu atatu: wodandaula, mlangizi ndi wotanthauzira. Wodandaula amayamba nkhani yake kumene nkhani zonse za kwathu zimayambira, kutali: chaka chimene ng'ombe zinafa, pamene malume anamupezera ntchito, tsiku limene bwana wakale anagulitsa fakitale. Lamulo silifuna zimenezo. Lamulo likufuna kudziwa ngati munthuyu wagwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka 10 zosadukiza, kapena wakhala m'dera limodzi movomerezeka zaka 15. Luso lonse linali pakati pa ziwirizi: kulola munthu afotokoze mmene akudziwira, kenako kufunsa mafunso amene atulutse chaka, dzina la msewu, nambala ya chitupa, ndi kulemba zonsezo m'chikalata cholumbirira chimene kalaliki wa boma sangachikane. Munthu wakuda wotanthauzira uja nthawi zambiri ankadziwa malamulo a zitupa kuposa maloya ambiri, chifukwa iyenso anali ndi chitupa m'thumba. Mabuku a mbiri amatchula Sheena Duncan, ndipo n'koyenera kutero. Otanthauzirawo ambiri mayina awo anatsalira m'mafaelo.

Mafaelo a mtundu umenewu ndiwo anadyetsa maloya. Legal Resources Centre itakhazikitsidwa mu 1979 ndi Arthur Chaskalson, Felicia Kentridge ndi Geoff Budlender, inkasankha mlandu umodzi woimira anthu zikwizikwi. Mu 1980, pamlandu wa Komani, bwalo la apilo linagamula kuti mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi mwamuna wake m'tauni. Mu 1983 linagamula kuti chizolowezi chobweza anthu kumudzi chaka chilichonse kuti akasainenso kontirakiti sichidula zaka 10 zija. Mlandu wachiwiriwu m'mabuku a zamalamulo umatchedwa wa Rikhoto, chonsecho mwini wake dzina lake linali Rikhotso. Anapambana mlandu, koma chilembo chimodzi cha dzina lake chinasowera m'mapepala a khoti, ndipo ophunzira mpaka lero amaloweza dzina lolakwikalo pokonzekera mayeso.

Ku Winterveld kwenikweniko ntchito yaikulu inali m'manja mwa mipingo. Bungwe la mipingo la ku Pretoria linkagwira ntchito ndi komiti ya anthu a m'deralo pa nkhani za unzika, penshoni ndi sukulu. Masisitere a Sisters of Mercy anatsegula chipatala chaching'ono ndi sukulu ya akuluakulu. Kutsidya, ku Soshanguve, kunali wansembe Smangaliso Mkhatshwa, mlembi wamkulu wa bungwe la maepisikopi a Katolika, amene boma linamuika pachiletso kwa zaka zingapo, n'kudzamutsekera ndi kumuzunza mu 1986. Amene ankadandaulira anthu ankafunanso womudandaulira.

Pali chinthu chimodzi chokhudza Bophuthatswana chimene ophunzira zamalamulo amachikonda, ndipo chimandisowetsa mtendere. Dziko lachiphamasoli linali ndi ndime za ufulu wachibadwidwe m'malamulo ake oyendetsera dziko, pamene South Africa analibe. Mu 1982, pamlandu wa Marwane, bwalo la apilo la ku Bloemfontein, limene panthawiyo linkamvabe milandu yochokera ku Bophuthatswana, linapeza kuti lamulo lolimbana ndi zauchifwamba la 1967 likutsutsana ndi ndime zimenezo, chifukwa linkasenzetsa woimbidwa mlandu udindo wosonyeza kuti ndi wosalakwa. Taganizani: majaji a boma la tsankho akugwetsa lamulo la boma lomwelo, koma kokha m'zigamba 7 zija. Akatswiri analemba nkhani zambiri za chigamulochi. Munthu wa ku Mabopane, papepala, anali ndi ufulu wochuluka kuposa mnansi wake wa ku Soshanguve.

Pa 26 Malichi 1986 anthu zikwi zingapo anasonkhana pabwalo la mpira ku Winterveld kudandaula za ana awo amene apolisi ankawagwira ndi kuwamenya. Apolisi a Bophuthatswana anawombera. Anthu 11 anafa, ambiri anavulala, ndipo ena ochuluka anamangidwa. Mangope anakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi jaji, koma mkulu wa apolisi amene anali pamalopo, Andrew Molope, anakwezedwa paudindo. Mu Juni chaka chomwecho nayenso anawomberedwa n'kufa. Ndime za ufulu zija zinali zikadalipo m'buku tsiku limenelo, palibe amene anazifufuta. Zimene dziko linadziwa za tsikulo linazidziwa chifukwa panali anthu amene anayenda khomo ndi khomo, m'zipatala ndi m'matchalitchi, kulemba amene anaona chiyani, anaima pati, chipolopolo chinalowera kutsogolo kapena kumsana. Mu 1989 Mangope analetsa Black Sash m'dziko lake, pamodzi ndi nthambi yake yothandiza anthu akumidzi osamutsidwa, ya TRAC. Ankadziwa bwino kuti choopsa kwa iye si buku la malamulo, koma munthu wa cholembera wokhala pabenchi.

Chaka chomwecho cha 1986, chimene zitupa zinathetsedwa ndipo dziko lonse linaikidwa pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, kagulu ka aphunzitsi a zamalamulo ku Yunivesite ya Pretoria kanakhazikitsa Centre for Human Rights, ndipo Johann van der Westhuizen anali mtsogoleri wake woyamba. Sindikufuna kuchepetsa zimenezi. Kutchula ufulu wachibadwidwe pasukulu imene inkasula akuluakulu a boma la tsankho kunali kudziika pamoto pakati pa abale ako. Mayunivesite ena anali atayamba kale: ophunzira a ku Cape Town, Wits ndi Natal anatsegula timaofesi topereka uphungu wa zamalamulo kwaulere chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, John Dugard anayambitsa Centre for Applied Legal Studies ku Wits mu 1978, ndipo David McQuoid-Mason ku Durban anayamba kutumiza ophunzira zamalamulo kukaphunzitsa ana a kusekondale za ufulu wawo. Koma mtunda wochokera ku Hatfield kukafika ku Winterveld sunali wa makilomita okha. Mwana wa ku Mabopane anayenera kudikira mpaka 1989 kuti yunivesiteyo itsegule zitseko kwa mitundu yonse.

Zotsatira zake zinathamanga. Mu Malichi 1990 anthu a ku Ga-Rankuwa, Mabopane ndi Winterveld anaguba kufuna kubwerera ku South Africa, ndipo apolisi anaphanso anthu. Mu Malichi 1994 ogwira ntchito m'boma ananyanyala, asilikali ndi apolisi anamutembenukira Mangope, ndipo Bophuthatswana inatha. Mu 2000 Mabopane analowa mu khonsolo ya Tshwane, ndipo meya wake woyamba anali Mkhatshwa uja. Chimene chatsala cha dziko lija ndi bwalo lamasewera la Odi, chimphona cha konkire ndi zitsulo chimene chikungogumuka pakati pa nyumba za anthu.

Apa ndi pamene yunivesite inatenga malo ake. Mu 2000 Centre for Human Rights, motsogozedwa ndi Christof Heyns, inayamba digiri yachiwiri ya ufulu wachibadwidwe ndi demokalase mu Africa. Chaka chilichonse imatenga ophunzira pafupifupi 30 ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa muno. Theka loyamba la chaka amakhala ku Pretoria, lachiwiri amagawidwa m'mayunivesite ogwirizana nayo, monga Makerere ku Uganda ndi Eduardo Mondlane ku Maputo. Amaphunzira mapangano a mayiko, kalembedwe ka madandaulo opita ku komishoni ya ufulu wa anthu ya ku Banjul, kafukufuku, ndi kutsutsana m'makhoti oyeserera. Amalawi apindula nayo. Danwood Chirwa, amene anadzakhala mkulu wa nthambi ya zamalamulo ku Yunivesite ya Cape Town, anadutsa ku Pretoria. Redson Kapindu, mmodzi wa majaji asanu amene pa 3 Febuluwale 2020 anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, nayenso anaphunzira kumeneko. Ndipo mphotho imene sukuluyi imapereka kwa ophunzira ake akale ochita bwino ili m'dzina la Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya ku Malawi, amene anakhala m'ndende za a Kamuzu kuyambira kumapeto kwa 1981 mpaka 1993. Amene amati maphunziro otere ndi chabe sanaone mmene chigamulo cholembedwa bwino chimagwedezera dziko. Tebulo lija silikanatha kuphunzitsa zimenezi. Linkapulumutsa munthu mmodzimmodzi, ndipo mawa mzere unkakhala wautali chimodzimodzi.

Koma pamene madigiri ankachuluka, matebulo ankachepa. M'zaka za m'ma 1980 ndalama zochokera ku Ulaya zinkadutsa m'mipingo ndi m'mabungwe monga Kagiso Trust kupita mwachindunji kumagulu a m'madera. Itafika 1994, opereka thandizo anatembenukira ku boma latsopano, atsogoleri ambiri a mabungwe analowa m'boma momwemo, ndipo maofesi ambiri a uphungu anatseka kapena kutsala ndi munthu mmodzi wosalipidwa. Mabungwe amene anapulumuka ndi amene ankadziwa kulemba pempho la ndalama m'Chingerezi chosalala, lokhala ndi zolinga zowerengeka ndi bajeti ya zaka zitatu. Limenelo ndi luso la kuyunivesite, ndipo linasintha maonekedwe a amene amalembedwa ntchito. Lamulo la 2014 loyendetsa ntchito ya maloya silinawapatse malo ma paralegal, anthu othandiza pa zamalamulo amene sali maloya. Linangonena kuti nkhani yawo iunikidwe. Mayi amene wakhala zaka 20 akuthamangitsa penshoni za anthu, ziphaso za ana ndi ndalama za ochotsedwa ntchito amapezeka kuti pamsonkhano wa bungwe ndi "woimira anthu a m'dera", amene amapatsidwa mphindi zisanu nkhomaliro isanakwane.

Chimene chinatsala pakhomo penipeni, ndikuganiza, ndi chilankhulo. M'misewu ya Mabopane anthu amalankhula Sepitori, chosakaniza cha Setswana ndi Sepedi chothiridwa Chiafrikaans, Chingerezi ndi Chizulu, chilankhulo chimene chinabadwa mwa anthu omwewo amene boma linkafuna kuwalekanitsa ndi malilime. Sichili m'gulu la zilankhulo 12 zovomerezeka. Chichewa cha mnyamata wogwira ntchito m'dimba la munthu ku Akasia, kapena Chiyao cha telala wa pamsika, sichilimonso. Mu 2017 akuluakulu a makhoti anagwirizana kuti zolemba za makhoti zizikhala m'Chingerezi chokha, ndipo kuyambira 2019 Yunivesite ya Pretoria imaphunzitsa ophunzira atsopano m'Chingerezi. Zifukwa zake ndikuzimva. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu akhoza kumaliza digiri ya kulankhulira anthu asanayesedwepo ngati amatha kumva munthu. Ku Soshanguve, kutsidya kwa njanji, Tshwane University of Technology ili ndi nthambi yophunzitsa zamalamulo komanso ina yophunzitsa ntchito za zilankhulo ndi kumasulira. Ophunzira a nthambi ziwirizi amakwera minibasi imodzi, koma maluso amene pa tebulo la Black Sash anali mbali ziwiri za ntchito imodzi tsopano ndi madipuloma awiri.

Bungwe lina linandipatsa kapepala kofotokoza ufulu wa anthu obwera kuti ndikamasulire m'Chichewa. Kanalembedwa ndi anthu ophunzira bwino, ndipo kanalibe cholakwika chilichonse pa zamalamulo. Chiganizo choyamba chinali ndi mawu oposa 50 ndi mayina a mapangano awiri a United Nations. Funso limene Mmalawi aliyense wa ku Joni amafunsa, loti wapolisi akandiimitsa pasipoti yanga itatha masiku ndinene chiyani ndipo ndiimbire ndani, linali patsamba lomaliza, m'zilembo zing'onozing'ono. Womasulira angafewetse mawu, koma sangasinthe amene wolembayo ankamuona m'maganizo polemba, ndipo pamenepa ankaona wopereka ndalama.

Kwathu ku Malawi kuli chitsanzo chosonyeza kuti kalasi ndi bwalo zikhoza kusenza mtolo umodzi. Mu 2000 kunayamba ntchito yotumiza ma paralegal m'ndende, imene lero ili m'manja mwa bungwe la PASI. Ankaphunzitsa akaidi, nthawi zina kudzera m'masewero, mmene angapemphere belo paokha. Mu 2007, pamlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pamlandu wakupha popanda kumva za moyo wake. Chigamulocho chinagona zaka 8. Pamene milandu inayamba kumvedwanso mu 2015, panafunika maloya, aphunzitsi ndi ophunzira a zamalamulo a ku Chancellor College, ndi akatswiri ochokera kunja. Koma panafunikanso munthu wokwera njinga kupita kumudzi kwa mkaidi, kukakhala pamphasa ndi amayi ake ndi a mfumu, kufunsa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kuti mwanayu anakula bwanji, kodi ankagwa khunyu, kodi chaka chimenecho kunali njala, kodi akabwera mudzamulandira. Mafaelo ambiri a khoti anali atasowa, ndipo zimene zinatoleredwa pamphasazo n'zimene majaji anagwiritsa ntchito. Akaidi oposa 100 anatuluka.

Nkhani ya unzika, imene inayambitsa zonsezi ku Mabopane, sinathe ndi Mangope. Mlandu suola. Lero ofunsidwa kuti kwanu n'kuti ndi ena: Amozambiki, Azimbabwe, Asomali, Amalawi, ndi ana obadwira konkuno amene alibe chiphaso cha dziko lililonse. Mu Juni 2016, mkangano wa m'chipani cha ANC pa za amene adzaimire umeya wa Tshwane utasefukira m'misewu, mashopu a anthu obwera ku Mabopane ndi madera oyandikana nawo anathyoledwa, ngakhale eni ake sankavota n'komwe. Bungwe la Lawyers for Human Rights, limene linayamba mu 1979 ndipo lili ndi ofesi ku Pretoria, lili ndi nthambi yoona za anthu opanda dziko, ndipo mlandu wake wina wodziwika uli ndi dzina lathu. Yamikani Chisuse anabadwira ku Malawi, kholo lake limodzi lili nzika ya South Africa, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika kunamusiya iye ndi anzake ena panja chifukwa kubadwa kwawo sikunalembetsedwe m'nthawi yake. Maloya a digiri anakonza mfundo zokhudza tanthauzo la mawu a m'lamulolo, ndipo mkangano waukulu unali pa kamasuliridwe ka chiganizo: kodi mawu oti munthu "wobadwa" akunena za obadwa mtsogolo okha kapena ndi obadwa kale omwe? Pansi pa mfundozo panali zikalata zolumbirira zonena amene anabala yani, kuti, chaka chiti. Mu Julayi 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti mawuwo akuphatikiza obadwa kale, ndipo linalamula unduna wa za m'dziko kuti uwalembe m'kaundula ndi kuwapatsa ziphaso.